Kapukutidwe Koyenera ka Sikirini ya Kompyuta ku Nangongwe ndi M'madera Ena Afumbi

KAFUE - Nyengo yachilimwe ikafika m'tauni ya Kafue, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, fumbi limalowa m'nyumba, m'masukulu, m'makiliniki ndi m'tumashopu ta m'mbali mwa misewu. Ku Nangongwe, monganso ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi m'makomboni ena a tauniyi, munthu amene ali ndi kompyuta amaona kuti galasi lake lachita mbuu patangopita masiku ochepa chipukutireni.

Fumbi limeneli likangokhala pamwamba pa sikirini silivulaza chipangizocho. Chimene chimawononga masikirini ambiri ndi kapukutidwe kolakwika: nsalu yokhakhala, mankhwala amphamvu, madzi ochuluka ndi dzanja lolemera. Nkhani ino ikufotokoza mmene sikirini inapangidwira, zimene zimaiwononga, ndi njira yoiyeretsera popanda kuitayitsa.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika

Sikirini ndi mbali imodzi yodula kwambiri ya kompyuta ya m'manja, yomwe ambiri amaitchula kuti laputopu. Ikakandika kapena ikalowa madzi, amisiri sangathe kuisoka kapena kuimata. Amachotsa yonse ndi kuikapo ina, ndipo nthawi zambiri yatsopanoyo imafunika kukaifunafuna m'masitolo a ku Lusaka. Ngati kompyutayo ndi yakalekale, ina yofanana nayo ikhoza kusapezeka konse.

Pasukulu, kuwonongeka kwa kompyuta imodzi kumakhudza ana ambiri. Boma la Zambia linaika phunziro la makompyuta m'silabasi yomwe inakonzedwanso mu 2013, ndipo mu 2015 ana a Giredi 9 analemba mayeso a phunziroli kwa nthawi yoyamba. Chaka chimenecho, m'masukulu ena ana anadikirana mpaka usiku chifukwa makompyuta anali ochepa. Kumene zipangizo zili zoperewera chotero, kusamala zomwe zilipo ndi njira yoyamba yotetezera maphunziro a ana.

M'zipatala ndi m'makiliniki ambiri a boma, mbiri ya odwala imasungidwa pa kompyuta kudzera m'dongosolo la SmartCare. Nawo amalonda a tumashopu tosindikiza makalata, tojambula mapepala ndi tothandiza anthu kulowa pa intaneti amadalira sikirini imodzi kapena ziwiri kuti apeze chakudya cha banja.

Kumene fumbi la ku Kafue limachokera

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala mvula siigwa, ndipo nthaka imauma gwa. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti imanyamula dothi la m'misewu yopanda phula ya mkati mwa makomboni. Msewu waukulu wochokera ku Lusaka wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone umadutsa m'tauniyi, ndipo malole amadutsapo usana ndi usiku. Pamwamba pa izi pali utsi wa moto wa m'tchire, phulusa ndi utsi wa mbaula zophikira.

Fumbi la dothi lili ndi tizidutswa ta mchenga, tomwe tambiri ndi ta mwala wotchedwa quartz. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anakonza muyeso wa kulimba kwa miyala woyambira pa 1 mpaka pa 10. Pa muyeso umenewu quartz ali pa 7, pomwe galasi wamba lili pakati pa 5 ndi 6. Tanthauzo lake ndi lakuti mchenga umakanda galasi, ndipo pulasitiki umamukanda mosavuta koposa. Munthu amene akukhutiza nsalu pa sikirini yodzala fumbi akuchita zofanana ndi kukwecha mphika ndi mchenga, kusiyana kwake nkwakuti zipsera za pa sikirini sizifufutika.

Mitundu ya masikirini

Masikirini sali ofanana, ndipo njira yomwe inali yabwino kale ikhoza kuwononga chipangizo cha masiku ano.

Mtundu woyamba ndi wa mamonita akale a chimsana chachikulu, otchedwa CRT. Kutsogolo kwake kuli galasi lochindikala, lolimba ngati la botolo. Anthu ambiri anazolowera kuwapukuta ndi mankhwala a mawindo popanda kuona vuto msanga, ngakhale kuti ena mwa mamonitawa anali ndi utoto wopyapyala wochepetsa kunyezimira womwe umatha kusupuka.

Mtundu wachiwiri ndi wa masikirini afulati otchedwa LCD, omwe anayamba kulowa m'malo mwa akalewo m'zaka za m'ma 2000. Ambiri amene amagulitsidwa ndi dzina la LED ndi a mtundu womwewu, kungoti nyali zowalitsa kumbuyo kwake ndi zamakono. Mkati mwake muli magalasi awiri opyapyala, lililonse losafika milimita imodzi, ndipo pakati pawo pali timadzi tapadera tomwe timatsegula kapena kutseka njira ya kuwala. Timadzi ta mtundu umenewu tinadziwika koyamba mu 1888 kudzera m'kafukufuku wa Friedrich Reinitzer, katswiri wa zomera wa ku Austria. Chofunika kudziwa ndi chakuti pa mamonita ndi malaputopu ambiri, chimene chala chimakhudza si galasi ayi, koma kachikopa kopyapyala ka pulasitiki komatidwa pamwamba pa galasilo. Kachikopa kameneka kamakandika msanga ndipo kamaopa mankhwala amphamvu.

Mtundu wachitatu ndi wa masikirini ogwiritsa ntchito chala, monga a mafoni, a matabuleti ndi a malaputopu ena. Awa ali ndi galasi lolimba pamwamba, koma galasilo linapakidwa utoto wosaoneka woletsa mafuta a m'zala kumatirira. Mankhwala amphamvu ndi kukwecha zimathetsa utoto umenewu nthawi yake isanakwane.

Zipangizo zofunika

Zofunika ndi zochepa ndipo ndi zotsika mtengo. Choyamba ndi nsalu ziwiri zofewa, zoyera ndi zouma, zomwe sizisiya ubweya. Yabwino koposa ndi nsalu ya microfibre, yofanana ndi kansalu kamene kamabwera ndi mandala a m'maso. Ulusi wake ndi waung'ono kwambiri moti umakola fumbi ndi mafuta m'malo mozikankha uku ndi uku. Ngati nsaluyi palibe, chidutswa cha sikipa yakale ya thonje, ngakhale ya pa salaula, chimathandiza, bola chikhale chochapidwa bwino, chotsukuluzidwa mpaka sopo yense atatha, ndipo chopanda msoko, batani kapena zilembo zomata.

Chachiwiri ndi madzi oyera pang'ono. Abwino kwambiri ndi aja othira m'batire la galimoto, amene pa botolo lake pamalembedwa kuti distilled water, chifukwa mulibe mchere uliwonse. Apa pafunika kusamala kwambiri: madzi amenewa ndi osiyana ndi asidi wa batire, ndipo madzi otapa m'batire momwemo ndi oopsa kwa sikirini ndi kwa munthu yemwe. Botolo liyenera kukhala lotseka kuchokera kusitolo.

Madzi a pampopi ndi a pachitsime ali ndi mchere wa m'nthaka umene umasiya timadontho toyera akauma. Vutoli ndi lalikulu m'madzi a m'zitsime zakuya za m'dera la Lusaka, kumene pansi pali miyala ya laimu. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mchere wonse. Ngati palibe ena, madzi a pampopi osefedwa bwino angagwiritsidwe ntchito, koma nsalu ifinyidwe kwambiri ndipo sikirini iumitsidwe nthawi yomweyo ndi nsalu yachiwiri.

Ndondomeko yopukutira

Choyamba, kompyuta izimitsidwe ndipo chingwe chake chizulidwe pa soketi ya pakhoma. Sikirini yakuda imaonetsa bwino pamene pali litsiro, ndipo ikazizira, chinyezi sichiuma msanga nkusiya mizere. Ndi bwino kudikira mphindi khumi kapena kuposerapo. Kuzula chingwe nkofunika ngakhale pamene magetsi azima. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba ndi m'madamu ena, kampani ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola ambiri patsiku, ndipo anthu anazolowera kugwira ntchito zotere magetsi kulibe. Koma magetsi amatha kubwera mwadzidzidzi munthu atagwira nsalu yonyowa pa chipangizo cholumikizidwa ku mphamvu ya mavoti 230.

Chachiwiri, fumbi lichotsedwe lisanakhudzidwe ndi chinyezi. Nsalu youma idutse pamwamba mopepuka, ngati nthenga, kuchokera kumwamba kupita pansi, ndipo ikung'unthidwe panja kapena kutembenuzidwa kawirikawiri. Burashi yofewa yomwe sinagwirepo penti kapena mafuta imathandiza m'ngodya ndi m'mphepete. Kuuzira ndi pakamwa si kwabwino chifukwa kumawaza malovu.

Chachitatu, ngati patsala zidindo za zala kapena madontho, ngodya imodzi ya nsalu inyowetsedwe ndi madontho ochepa a madzi. Nsaluyo ikhale yachinyezi chabe, yoti munthu akaifinya isatulutse dontho. Madzi kapena mankhwala aliwonse asathiridwe kapena kupoperedwa pa sikirini penipeni. Lamulo limeneli limapezeka m'mabuku a malangizo a makampani ambiri opanga makompyuta.

Chachinayi, nsalu iyendetsedwe mofatsa kuchokera mbali imodzi kupita ina, popanda kukanikiza. Ngati pa sikirini paoneka timafunde ta mitundu pamene chala chadutsa, ndiye kuti dzanja lalemera. Dontho louma, monga la tiyi kapena chitosi cha ntchentche, lisakandidwe ndi chikhadabo. Nsalu yachinyezi ikhazikidwe pamenepo kwa kanthawi kuti lifewe, kenaka lipukutidwe. Pa laputopu, dzanja lina lichirikize kumbuyo kwa chivundikiro kuti chisapindike.

Chachisanu, nsalu yachiwiri youma imalize ntchito. Kompyuta isayatsidwe, ndipo laputopu isatsekedwe, mpaka chinyezi chonse chitauma.

Chimango cha pulasitiki, kumbuyo kwa monita ndi timabowo totulutsira mpweya wotentha zipukutidwe ndi nsalu ina, chifukwa m'menemo ndi mmene mumakhala mchenga wambiri. Nsalu ya sikirini ikhale ya sikirini basi, ndipo isungidwe m'kathumba kotseka.

Zinthu zosayenera kukhudza sikirini

Mankhwala opukutira mawindo ndiwo amanyenga anthu ambiri, poti sikirini imaoneka ngati windo. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi ammonia. Anthu a ku Kafue dzinali amalidziwa, chifukwa fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa m'tauniyi mu 1970 kuti izipanga feteleza wa ammonium nitrate, yemwe amachokera ku ammonia. Mankhwala amenewa ndi othandiza m'munda wa chimanga, koma pa sikirini amadya utoto wapamwamba pang'onopang'ono, mpaka galasi limachita chifunga kapena zigamba zosachoka.

Sipiriti wofiirira wogulidwa m'masitolo, parafini, petulo, thinazi ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo nazonso nzoletsedwa. Zina mwa izi zimasungunula pulasitiki nthawi yomweyo. Jik ndi mankhwala ena a klorini amawononga utoto ndipo amachititsa dzimbiri pa tizitsulo ta mkati. Ufa ndi phala zokwechera masinki ndi miphika zili ndi timchenga mwadala. Sopo wochapira zovala amasiya chikungu chomata chimene chimakoka fumbi lina. Mankhwala otsukira mano, omwe ena amati amafufuta zipsera, amangowonjezera zipsera zina.

Tishu, pepala la kuchimbudzi ndi nyuzipepala zimapangidwa ndi ulusi wa mitengo womwe ndi wokhakhala kuposa mmene umamvekera m'manja. Mphepete mwa chitenje, mkono wa malaya, mpango wa m'thumba ndi dasita ya pabolodi zimanyamula mchenga, thukuta kapena choko.

M'masitolo mumapezekanso mankhwala opangidwira masikirini. Wogula awerenge botolo ndi kutsimikiza kuti mulibe ammonia kapena acetone. Pamene pali chikayiko, buku la malangizo la chipangizocho ndilo liyenera kutsatidwa, chifukwa makampani amasiyana pa zimene amalola.

Za kupha tizilombo toyambitsa matenda

Nkhani ya kupopera mankhwala pa zipangizo inakula m'nthawi ya miliri. Mu Epulo 2020 tauni ya Kafue inatsekedwa kwa kanthawi kuti anthu apimidwe matenda a COVID-19. Kuyambira mu Okutobala 2023 kunabukanso mliri wa kolera umene unachedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu mpaka mu Febuluwale 2024. M'nthawi zonse ziwirizi, madzi a klorini ndi mankhwala osambira m'manja anali paliponse, ndipo nzoyenera kutero. Koma mankhwala abwino pa matebulo, pa zitseko ndi m'manja si onse oyenera pa sikirini.

Mu Malichi 2020 kampani ya Apple inalengeza kuti zipangizo zake zikhoza kupukutidwa mopepuka ndi nsalu ya isopropyl alcohol wa maperesenti 70, koma inaletsa mankhwala a klorini ndi kulola chinyezi kulowa m'mabowo. Makampani ena, makamaka opanga mamonita ndi mawailesi a kanema okhala ndi kachikopa ka pulasitiki pamwamba, amaletsa alcohol wa mtundu uliwonse. Nchifukwa chake chilolezo cha kampani imodzi sichingatengedwe ngati cha onse.

Pa kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, tizilombo timakhala kwambiri pa mabatani olembera ndi pa mausi, pamene manja amagwira, osati pa monita. Njira yabwino ndi kusamba m'manja ndi sopo ndi kuwaumitsa musanakhale pa kompyuta, ndi kuphunzitsa ana kuloza pa sikirini popanda kuikhudza.

Madzi akalowa mkati

Madzi othiridwa pa sikirini yoimirira amatsikira pansi ndi kulowa pampata wa pakati pa galasi ndi chimango. M'mphepete mwa galasi ndi mmene muli timawaya topyapyala kwambiri totumiza chithunzi. Tikachita dzimbiri, pa sikirini pamaoneka mizere yoimirira kapena gawo lina limada, ndipo izi zikhoza kuchitika patapita masabata angapo, mwini wake ataiwala kale za madziwo.

Ngozi yotere ikachitika, chingwe chizulidwe msanga, madzi a kunja apukutidwe, ndipo chipangizocho chiikidwe pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku osachepera awiri chisanayatsidwe. Chisayanikidwe padzuwa, chisayandikizidwe ku mbaula, ndipo chisakwiriridwe mu mpunga, chifukwa mpunga suyamwa madzi a mkati koma umangowonjezera fumbi lake. Ngati chinathiridwa ndi tiyi, chakumwa cha shuga kapena madzi a sopo, ndi bwino kupita nacho kwa mmisiri.

Zimene nsalu singachotse

Si chilichonse chooneka pa sikirini chimene chili litsiro. Kadontho kakuda kapena kowala kamene sikasuntha kakhoza kukhala kachigawo kakufa ka chithunzi. Zigamba zotuwa zikhoza kukhala zipsera za kukanikizidwa. Nyengo yamvula, tizilombo ting'onoting'ono tokopeka ndi kuwala timalowa kuseri kwa galasi. Kachilombo kotere kasaphwanyidwe ndi chala, chifukwa kakafera pomwepo chidindo chake sichichoka. Sikirini izimitsidwe ndipo nyali iyatsidwe pambali pake kuti katuluke kokha. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi iyi: litsiro la pamwamba limaoneka bwino sikirini ikazima, pomwe vuto la mkati limaoneka ikayaka.

Mamonita akale a chimsana sayenera kutsegulidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, ngakhale mkati mutadzala fumbi. Amagwira ntchito ndi mphamvu ya mavoti oposa 20,000, ndipo ina imatsalira ngakhale chingwe chitazulidwa. Galasi lake lili ndi mtovu, ndipo masikirini afulati oyambirira ali ndi nyali zokhala ndi mercury. Zipangizo zotere zikafa zisaswedwe, zisatenthedwe pa dzala, ndipo zisatayidwe m'ngalande zopita mu mtsinje wa Kafue, womwe anthu a ku Kafue ndi a ku Lusaka amamwa madzi ake. Bungwe la ZEMA, lomwe linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la mu 2011, ndilo limayang'anira katayidwe ka zinyalala zoopsa m'dziko la Zambia.

Kupewa kuposa kupukuta

Sikirini imene imapukutidwa kawirikawiri ndiyo imakandika kwambiri, choncho nzeru ndi kuchepetsa fumbi lofika pamenepo. Monita ivundikiridwe ndi nsalu yoyera ikazimitsidwa ndi kuzizira, koma isavundikiridwe ikugwira ntchito chifukwa imatentha. Tebulo la kompyuta likhale kutali ndi windo loyang'ana kumsewu ndiponso kutali ndi pophikira, poti utsi wa makala ndi mafuta zimamata fumbi pa galasi. Posesa chipinda, pansi pawazidwe madzi kapena pakolopedwe, makompyuta ali ovundikira. Laputopu isatsekedwe pali cholembera, njere ya chimanga kapena kachitsulo komanga mapepala pa mabatani, ndipo isanyamulidwe pogwira sikirini.

M'chilimwe, kuchotsa fumbi ndi nsalu youma kamodzi kapena kawiri pa sabata nkokwanira, ndipo nsalu yachinyezi igwiritsidwe ntchito pokhapokha pali madontho. Nsaluzo zichapidwe pazokha ndi sopo wochepa, popanda mankhwala ofewetsera zovala, ndipo ziyanikidwe pamalo opanda fumbi.

Pasukulu, pakiliniki kapena pashopu, ndi bwino kuti ntchitoyi ikhale ndi mwini wake. Ana osesa m'kalasi ndi anthu oyeretsa maofesi auzidwe momveka kuti ndowa ndi nsalu zokolopera sizifika pa tebulo la makompyuta. Kapepala ka malamulo atatu komatidwa pakhoma kangapulumutse zipangizo zambiri: kuzimitsa ndi kuzula chingwe, kuyamba ndi nsalu youma, ndi kusathira chilichonse pa galasi.